Anafuna kuwakweza basi akadapuma

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Joni ndi akumudzi komwe. Ndine mayi a Tadala, ndimakhala ku Hillbrow. Lero ndikuuzani za amuna anga, amene sitiroko inawatseka pakamwa n'kuwapha mbali yonse ya kumanja.

Bambo a Tadala anali mphunzitsi wa Chichewa kwathu ku Dedza, koma kuno ankagwira ulonda. Munthu wolongolola ngati wailesi! Anagwa m'mawa wina akumanga nsapato, ndipo kuyambira pamenepo liwu silinatulukenso. Atatuluka m'chipatala ndinkawasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Maso ali tong'oo kukhoma. Ndikawaitana, zii. Ndikawaimbira nyimbo za kutchalitchi, zii. Ndisakunamizeni, ndinamukwiyira Mulungu. Mapemphero anga onse anatha, linatsala limodzi lokha, nalonso lokalipa: "Ambuye, ngati munthuyu alimo m'thupimu, ndionetseni. Apo ayi ndisiyeni."

Mukudziwa mmene timachitira kuno. Munthu akadwalika timathamangira kumukweza basi akadapuma, poti kutumiza maliro kumudzi n'kodula kuposa kutumiza wamoyo. Alamu anga a Yohane, akulu awo a amuna anga, anabwera kuchokera ku Cosmo City n'kuyankhula pafupi ndi bedi penipeni: "Mlamu, umu mulibenso munthu. Chatsala ndi thupi. Akafere kwawo."

Mtima unandiwawa koopsa. Ine sindikanapita nawo, Tadala ali pasukulu, ntchito yanga yochapa ili kuno. Ndinkadziwa kuti akakwera basi imeneyo sindidzawaonanso. Koma ndikanakana ndi chiyani? Nanenso ndinali nditayamba kukhulupirira kuti ndikusambitsa mtembo wofunda. Ndinavomera, tikiti inagulidwa.

Lamulungu masana ndikulongedza chikwama cha amuna anga, alamu ali pomwepo, ndinapeza buku lawo lakale la nkhani zifupizifupi, lija ankaphunzitsira, lopanda n'chikuto chomwe. Mayi Zulu a ku Chipata, ogulitsa tomato pamsewu, amene timagawana nawo fulati, anali atalowa kudzatsanzikana ndi odwalawo. Analitola n'kunena kuti, "Lekani niwawerengereko imodzi, apite atamvako."

Ndinawayankha mwaukali: "Muwerengera khoma, amayi. Ine ndatopa."

Sanandimvere. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono. Inali nkhani ya mwamuna wobwerera kuchokera kumigodi patatha zaka zambiri, atasenza makina osokera oti akapatse mkazi wake. Atafika pamtsinje wa kwawo, anaona mkaziyo patsidya akuchapa, khanda lili kumsana, mwamuna wina akumutukulira ndowa. Iye anatula makina aja pamwala poti mkaziyo awaone, n'kubwerera kumene anachokera osawoloka. Nkhani inathera pomwepo.

"Aaa, basi?" anatero alamu. "Wamantha ameneyo! Mwamuna weniweni akanawoloka n'kukamuthira makofi mnzakeyo."

"Iyayi," anatero Mayi Zulu, "ni manyazi chabe. Anachedwa yekha, nanga akanauza ndani?"

Alamu anaumirira: "Mantha, ndikutero ine. Wolembayo akutiphunzitsa kuti mwamuna wofooka amataya banja."

Pamenepo ndinamva liwu lokhakhala, ngati chitseko chadzimbiri.

"Ayi."

Abale inu, malaya amene ndinkapinda anandipulumuka. Tonse tinatembenukira kubedi. Bambo a Tadala sankayang'ananso khoma, ankayang'ana akulu awo, nkhope itakwinyika ndi mkwiyo uja ndinkauona mwana wasukulu akayankha zopanda mutu. Milomo inalimbana, malovu akutsika, thukuta lili kamukamu, mpaka anatulutsa: "Ana...mu...konda."

Ndinagwa pansi n'kulira ngati pamaliro. Miyezi yonse ija ine ndikuwanyengerera ndi nyimbo, osadziwa kuti mphunzitsi adzadzuka ndi yankho lolakwa! Mulungu anayankha pemphero langa lamwano lija kudzera mwa mayi wogulitsa tomato pamsewu ndi buku lothothoka masamba. Basi inapita popanda iwo.

Musaganize kuti zonse zatha. Mpaka lero sayenda. Mawu awo mukhoza kuwawerenga ndi zala. Lifiti ya m'nyumba yathu inafa kalekale, ndipo tsiku la kuchipatala timachita kupempha anthu kuti atithandize kuwatsitsa pamasitepe. Masiku ena ndimalirabe m'bafa kuti Tadala asandione, ndipo sindikudziwa kuti tidzafika pati. Koma Lamulungu lililonse Mayi Zulu amawerenga nkhani imodzi, alamu n'kuimasulira mokhota mwadala, kuti mng'ono wawo apse mtima atulutse liwu lina.

Ndikuthokoza Yehova amene sanandibwezere mwano wanga. Ndikuthokozanso Mayi Zulu chifukwa cha kusamva kwawo. Inu amene mukudwazika munthu wosayankhula, musafooke, ndipo chonde musamamukambirane pamutu pake ngati palibe. Amamva.

Ndikutero chifukwa tsiku lina alamu anagwada pabedi paja n'kupepesa mawu aja ananena oti mulibenso munthu, akuganiza kuti mwina sanamveke. Bambo a Tadala anakweza dzanja lamanzere, n'kudzigunda pachifuwa.

"Ndi...limo," anatero.