Nkhope ya Bambo Gasparo Tonelli pa Chiboliboli cha Bartolomeo Woyera

Malemu Bambo Gasparo Tonelli, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 3 Malichi 1601 ku Carrara, m'banja la ophwanya miyala. Ine ndine mlamu wawo, Onofrio, ndipo ndinena zonse, ngakhale zimene ena mwa inu simufuna kumva.

Sukulu yawo inali phiri. Mu 1615, akutsitsa chimwala choyera pamtsetse, chingwe chinaduka. Chimwalacho chinapsinja bambo awo iwo akuona, ndipo chingwecho chinawakwapula malemuwa kumaso, n'kuwaphwanya mphuno ndi kuwang'amba mlomo mpaka kutsaya. Chipsera chimenecho sichinawasiye.

Mu 1624 anabwera kuno ku Roma n'kuyamba ntchito kwa mmisiri wamkulu wosema ziboliboli za m'matchalitchi. Mu 1627 anakwatira mlongo wanga, Mayi Porzia. Anzawo atawaseka kuti, "Kodi amuna amphuno anatha?" Mayi Porzia anangoti, "Inu mwaona mphuno, ine ndaona manja."

Mu 1641 mmisiri uja analandira ntchito yosema chiboliboli chili kumanja kwanuko: Bartolomeo Woyera akusendedwa khungu ali moyo. Anafuna nkhope yoopsa ya wosendayo, ndipo sanapite kutali. Anaimika malemu masiku makumi anayi, mpeni m'manja, mano pamtunda. Anasema chipsera chawo osasiya ndi kamzere komwe.

Chimene ambiri simudziwa n'chakuti manja a woyerayo, amene mumawapsompsona mpaka anasalala, anasema ndi malemu. Mitsempha mukuionayo inawadyera miyezi isanu ndi iwiri. Dzina lawo silinalembedwe paliponse, koma nkhope yawo inadziwika ndi mzinda wonse. Kumsika anthu ankawalavulira. Ogulitsa buledi ankawaponyera m'malo mowapatsa m'manja. Malemu ankangoseka n'kumati, "Bola ine ndinalowa m'tchalitchi osatulukanso."

Chaka chatha mliri unapha anthu ambiri, ndipo mitima inalusa. Pa 24 Ogasiti chaka chino cha 1657, tsiku la chikondwerero cha woyerayo, dzuwa lili paliwombo, malemu anaima pakhomo pa tchalitchi paja kuonerera mdipiti. Munthu wina anakuwa kuti, "Si uyu wosenda woyera uja? Ndiye watiitanira mliri!" Anthu anatola zibenthu za miyala zimene amisiri anasiya pabwalo. Anawagenda mpaka anagwa, n'kuwapondaponda, nthiti zinayi kuthyoka. Wina anawatswanya zala za dzanja lamanja ndi chidendene. Kumaso anawamenya kwambiri moti bokosi ili talitseka, palibe woti aone nkhope. Anavutika masiku atatu akusanza magazi, ndipo anatisiya pa 27 Ogasiti. Ena mwa ogendawo ndikukuonani muno mutagwada, ndipo mtima wanga ukuwawa kwambiri.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Porzia, ana aamuna awiri, Taddeo ndi Ercole, mwana wamkazi Faustina, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza a Bambo Mfumu potilola kulowa muno, amisiri anzawo amene anawanyamula pachitseko kuchokera pabwalo, ndi Mayi Olimpia amene anatsuka mabala awo pamene ena ankaopa kuwakhudza.

Tsopano inu Taddeo ndi Ercole. Nyundo mwabisa m'malayazo ndaziona, ndipo ndikudziwa kuti Misa ikatha mukufuna kuphwanya mutu wa wosendayo. Mukatero akakunyongani pamlatho sabata isanathe, koma si zimenezo zokha. Dzulo amayi anu anandipempha kuti ndiwaperekeze muno. Sanapite pamene pali manja a woyera. Anakwera pachopondera, n'kupukuta fumbi pachipsera chija ndi mpango wawo. Padziko lonse lapansi, nkhope ya amuna awo yatsala pamwala umenewo basi.

Ikani nyundozo pansi, ana anga, amayi anu azikhala ndi kokawaona.

Mzimu wa Bambo Gasparo Tonelli uuse mumtendere, kumene kulibe wowagenda.