Momwe Ndinaphunzitsira Tadala Bayoloje Pakhonde

Okondedwa mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Biriwiri. Ine ndine Nachisale, ndimagulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu. Ndikufuna ndikuuzeni zimene Mulungu anatichitira mwana wanga Tadala atathyoka mwendo ali Fomu 3.

Anagwa pa njinga yamoto ya kabaza pochokera kusukulu, fupa la m'ntchafu n'kuthyoka. Kuchipatala anamuika chikhakha, natiuza kuti akhale pakhomo miyezi ingapo. Maphunziro ena ankawerenga yekha, koma bayoloje inamukanika, chonsecho mtima wake wonse unali pa unamwino. Tsiku lina ndinamupeza akulira, buku lili pamphasa. "Amayi, anzanga akupita patsogolo, ine zanga zathera pano," anatero. Achibale ena anayamba kunong'ona kuti akangochira angokwatiwa basi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndikanamuthandiza chiyani? Ndinkangolirira kwa Ambuye kuti atitsegulire njira.

Njirayo inadzera mwa Mayi Asiyatu, Msilamu wa golosale imene ndimasungitsako madengu anga. Ataona kuti nkhope yanga yagwa anandifunsa, ine n'kuwafotokozera zonse. Ndinali ndisakudziwa kuti mwana wawo wamkazi ndi mphunzitsi wa bayoloje ku sekondale ina ku Zomba. Anamuimbira foni ndili pomwepo. Sabata yomweyo mwana wawoyo anatumiza pa foni mapulani a maphunziro, aja amakonzeratu aphunzitsi asanalowe m'kalasi, ndipo tinakawasindikiza pa boma. Tsamba lililonse linali ndi mutu wa phunziro, zipangizo zofunika, mafunso, ndi mayankho ake m'munsi.

"Koma mayi, ineyo ndizitha zimenezi?" ndinafunsa Mayi Asiyatu.

"Muzingotsata momwe alembera, Nachisale. Pakavuta tiziimba foni," anandiyankha.

Tinayamba pakhonde. Tadala ankawerenga Chingerezicho n'kumandimasulira, ine ndinkasaka zipangizo ndi kuphimba mayankho kuti asaonere. Tinaviika nyemba n'kuziika m'botolo mpaka tinaona muzu ukutuluka. Titafika pa phunziro la kupuma, pulani inafuna mapapo a nyama, ndiye ndinakagula a mbuzi kwa bucha. Ndinalowetsa kapaipi pa kholingo n'kuuzira monga analembera. Abale inu, mapapo aja anafufuma m'manja mwanga, ine n'kukuwa n'kuwaponya pansi! Tadala anaseka mpaka misozi, kuseka kwake koyamba chigwereni. Anansi anathamangira kudzaona, ndipo mayi wina wa kwaya yathu anakakamira kuti nayenso auzireko.

Tadala atachira anabwerera kusukulu akuyendera ndodo, n'kulemba mayeso a teremu limodzi ndi anzake. Tsiku lotsekera anandipeza pamsika akutsimphina mwaliwiro. "Amayi, bayoloje ndakhoza kuposa kale lonse! Sindibwereza kalasi!" Ndinasiya kasitomala ali chiimire n'kuthamangira ku golosale. Mayi Asiyatu atamva anafuula kuti, "Alhamdulillah!" ine ndikuti, "Aleluya!" ndipo tinakumbatirana pamaso pa anthu onse.

Lero Tadala ali Fomu 4, akukonzekera mayeso akuluakulu. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso banja lija lomwe silinafunse kuti ndimapemphera kuti. Inu amene mwana wanu wagona pakhomo ndipo mukudziona operewera, musaleke kupemphera, komanso musachite manyazi kunena vuto lanu. Ambuye akudalitseni nonse.