Madzi a ndere amene ndinakana kumwa

Aulutsi, ndine nkhalamba ya ku Hewe kuno ku Rumphi. Sindikonda zolankhulalankhula, koma nkhani iyi muwawerengere anthu.

Makuponi a feteleza atabwera, ndinadula bango lonse m'mphepete mwa mtsinje n'kuikapo nazale ya fodya. Matumba a feteleza ndinkatsukira mumtsinje momwemo. Khola la ng'ombe linali chapamtunda pang'ono, ndipo mvula ikagwa ndowe zinkatsetserekera m'madzi. Fodya wanga ankaposa wa aliyense.

Chilimwe china ndinakaona mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa kumunsi, kumene mtsinjewo umathira m'thamanda lalikulu. Anandipatsa madzi onunkha, obiriwira ndi ndere. Ndinamukalipira pamaso pa apongozi ake.

Anagwada n'kunena motsitsa mawu: "Adada, madziwa amadutsa kwanu asanafike kuno. Mdzukulu wanu akumwa omwewa, ndipo akungotsegula m'mimba."

Ndinakwera njinga n'kubwerera kwathu. Nditakafunsa, mlangizi wa zaulimi anandiuza kuti feteleza ndi ndowe zimakulitsa ndere monga zimakulitsira fodya.

Ndinasamutsa khola ndi nazale, n'kubzalanso bango ndi nsenjere. Anzanga ankaseka kuti ukalamba wandiyambitsa kulima udzu. Lero atatu mwa iwo amadzapempha mbewu ya udzuwo kwa ine.

Chaka chatha mwana uja ananditungiranso madzi, mdzukulu akuthamanga pabwalo. Madziwo sanayere kwenikweni, koma pansi pa kapu ndinapaona. Ndinamwa onse n'kuthokoza m'chinenero chakwathu kuti, "Yewo, mama." Mawu oti "pepani" sindinawanene, koma iye anamva.