Mwana mmodzi, maina awiri

Abusa, akulu a mpingo, amayi anga, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Mundipirire, ndalemba papepala chifukwa ndikachita mantha mawu amandithawa. Koma lero sindikhala pansi ndisanachitire umboni.

Mwana wanga wakhala pamphasa apoyu ali ndi matenda a shuga. Ndanena. Zaka ziwiri ndakhala ndikukunamizani kuti ndi malungo osatha, poopa pakamwa pa anthu. Kanayi pa tsiku ndimamubaya chala, n'kudontheza magazi pa kamakina koyezera shuga. Nambala ya pamenepo ndiyo imandiuza ngati akufunika jakisoni kapena chakudya. Ndikalakwitsa, mwana atha kukomoka osadzukanso.

Mwezi wathawu kamakinako kanafa. Ndinasintha batire, ndinakayanika padzuwa, ndinakapempherera. Zii.

Amuna anga amayendetsa galimoto ku bungwe lina, ndipo kuntchitoko anatilembetsa pa inshuwalansi ya zachipatala. Khadi lake tinali tisanaligwiritsepo ntchito, poti jakisoni timalandira kuchipatala cha boma. Ndinatumiza kalata ya adokotala pa foni kuti atipatse makina ena. Bambo wa ku ofesi ya inshuwalansiyo anandiimbira. Anati, "Mayi, kalatayi ikunena za Tadala. Ife tili ndi Esitere. Esitere sadwala shuga, Tadala sitikumudziwa."

Abale, tchimo langa lili apa. Tadala ndi dzina limene anamutcha azakhali ake, mchemwali wa amuna anga, ndipo ndi lomwe lili m'buku la kuchipatala. Ine ndi alamu angawo sitinkamwerana madzi. Fomu ya inshuwalansi itabwera, amuna anga anati, "Lembani ndinu, amayi a satifiketi." Ine ndinalemba Esitere, dzina la ubatizo limene ndinasankha ndekha, kuti alamu adziwe kuti mwana ndi wanga. Sukulu yonse ija, n'kulemba zopusa ndi zilembo zokongola.

Masiku khumi opanda makina. Masiku khumi, amayi anga. M'mawa ndinkamubereka mpaka kuchipatala cha ku Magaleta kuti amuyeze kamodzi, koma shuga sadikira mawa. Amasintha masana, amasintha madzulo. Ndinafika pomukodzetsa m'mbale yakale n'kuiika pansi pa mtengo, kuona ngati nyerere zibwera. Ine, wa ku koleji, kugwada kufunsa nyerere. Tsiku lina masana mwanayu anachokera kosewera thukuta lili kamukamu, milomo ikunjenjemera. Dzanja ili supuni ya shuga, dzanja ili jakisoni, osadziwa chimene chimupulumutse ndi chimene chimuphe. Ndinamupatsa shuga. Ndinalondola, koma si nzeru zanga ayi.

Mayi wina amene ndinamuululira, sindimutchula, ali muno, anati mwina Mulungu wapha makinawo kuti ndiphunzire kukhulupirira. Mayi, ndinakukhululukirani, koma ndikukana. Mulungu wanga sayesa chikhulupiriro changa pa magazi a mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinameza kunyada, ndinapita kwa alamu, ndinawauza zonse. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiye dzina langa munalifufuta eti?"

"Ndinalifufuta, alamu."

"Chabwino. Mawa tipite limodzi. Tikangana pobwerera."

Abusa anatilembera kalata yotsimikiza kuti ndi mwana mmodzi. Tinatsika phiri pa matola mpaka ku ofesi ya inshuwalansi ku Blantyre, ine, alamu ndi mwana. Bambo uja anawerenga mapepala onse n'kuti, "Asiyeni pompano, zimenezi zimatenga masabata."

Inu mukundidziwa, ine ndimaopa ngakhale kufunsa njira. Koma ndinamva pakamwa panga pakuyankha. Ndinati, "Achimwene, sindichoka. Ndikhala pabenchi apa, ndipo nthawi yomuyeza ikakwana, nambala yake mundiuza ndinu."

Alamu anamunyamula mwana n'kumukhazika patebulo pawo. "Taitanani Esitere wanuyo," anatero.

Bamboyo anachita manyazi, koma anaitana. Mwana anati, "Wawa."

"Tsopano itanani Tadala."

"Wawa."

"Kodi iwe, dzina lako lenileni ndani?" bamboyo anafunsa.

Mwana anati, "Kwa azakhali ndine Tadala. Ndikalakwa ndine Esitere."

Abwana awo, mayi wachikulire, anamva kuseka n'kutuluka. Anawerenga kalata ya abusa, anayang'ana nsonga za zala za mwanayu, zipsera zokhazokha. Analamula kuti maina onse awiri alembedwe, natipatsa chikalata chokatengera makina kogulitsa mankhwala.

Nditalandira makinawo, sindinadikire kufika kunyumba. Ndinakhala pakhonde la sitoloyo, anthu akudutsa, n'kumubaya chala. Nambala inali yokwera, abale, yokwera ndithu. Koma ndinaseka misozi ikutsika, chifukwa ulendo uno ndinali ndikudziwa chochita.

Sindinaime pano kunena kuti wachira. Sanachire. Ndaima kunena kuti ali moyo, ndipo mayi ake salotanso mankhwala ake. Zikomo Yesu. Zikomo abusa. Zikomo alamu, ngakhale mkangano wathu uja munauyambadi tisanafike n'komwe pa siteji. Amayi anga, musandimvere chisoni. Imirirani, nthungululu zimveke, mukondwere nane.