Ndevu za timilamba

Pasiteji ya basi, bambo wina wometa anthu ankangoyang'ana chidebe cha mchenga chimene mayi woyandikana naye anafungatira ngati khanda. Anapirira, koma pakamwa panamuyabwa.

"Mayi, kamchenga aka mumangira nyumba yanji?"

"Ayi bambo, n'ka timilamba tathu ta m'thanki yagalasi pabalaza. N'tofatsa, sitilimbana ndi nsomba zina, timangofufuza zakudya pansi ndi ndevu."

"Nanga mchengawu ukubwera pati?"

"Ndinayala miyala yakuthwa, ndevu zonse zinaperepeseka, nato n'kusiya kudya. Nditathira mchenga wosalala mbali imodzi, zameranso! Uwu ngomalizira."

"Mavuto onsewa, nsomba zake zosadyedwa n'komwe?"

"Amuna anga chidwalire sitiroko amangokhala pampando kuonerera timilambato. Kulankhula anasiya, kumeta anakana. Dzulo ndingomva, 'Mayi a ana, taonani, zamera!' Kuseka mpaka misozi."

"Ee! Alankhula?"

"Alankhula! Akuti tsopano ndevu zachuluka m'nyumbamo, zawo zichoke."

Wometa uja anasisita kachikwama kake ka zometera, n'kunyamula chidebe chija.

"Mayi, basi yanga ipite. Tikwera yanu, ndikawamete."