Lolemba Kuli Keke

Pa siteji ya basi ku San Francisco, bambo wina ankaseka yekha mpaka misozi, maso ali pafoni. Mayi amene anaima pambali pake analephera kupirira.

"Achimwene, tigawireniko chisekocho."

"Atigula, mayi! Kampani yaikulu ija yofufuzira zinthu pa intaneti yameza kakampani kathu koitanitsira chakudya!"

"Eee, mwalemeratu inu!"

"Dikirani kaye. Kale ine ndinkagwira ntchito ku kampani yaikuluyo. Tsiku lotsanzikana, tikudya keke, ndinauza bwana wanga pagulu kuti galu wanga amamuposa nzeru."

"Mayo! Ndiye pano?"

"Gulu lathu lonse alipereka kwa Lindqvist."

"Ameneyo ndi ndani?"

"Bwana yemweyo! Wanditumizira kale uthenga. Akuti Lolemba kuli keke, ndibwere ndi galuyo."