Mpindiro Womaliza

Kunatsala tsiku limodzi kuti sukulu zitsegulidwe. Pa mzere wa kwa telala, bambo wina ananyamula diresi ya yunifomu, ndipo mayi amene anali kumbuyo kwawo ankangoiyang'ana.

"Bambo, diresiyi ndi yabwinobwino. Yatani?"

"Yafupika, mayi. Mwanayu watalika ngati bango."

"Ndiye mpaka kuima pa mzere? Mungodula ulusiwu ndi lezala, mpindiro utsika wokha."

"Lezala ndinaitenga dzulo. Manja anakana."

"Mayi ake ali kuti?"

"Anatisiya miyezi inayi yapitayo. Anagula yaikulu dala, n'kusoka mipindiro itatu pamanja, ati chaka chilichonse tizimasula umodzi. Iwiri anamasula okha. Uwu ndi womaliza."

"Pepani, bambo. Pakamwa panga pathamanga."

"Palibe kanthu. Mwana akuti anzake akamuseka maondo. Koma ine ndikauona ulusiwu, ndikuona zala zawo."

"Tabweretsani kuno. Telalayu wapanikizika, angoudula ndi sizasi. Ine ndili ndi singano, ndiusolola pang'onopang'ono osaduka, mukausunge."

"Mzere ukupitirirani, mayi."

"Uzipita. Gwirani mbali iyi, koma musakoke."